Ndalama Imodzi, Koma Makiyi Ali ndi Ndani?

Loweruka lina mwezi watha anandiitana kukaweruza nawo mpikisano wa ndakatulo wa ana a sukulu za sekondale kuno ku Garneton. Tinakumana m'holo ya tchalitchi china, pa mipando ya pulasitiki, sipika imodzi ikungolira ngati njuchi. Alakatuli analipo 14. Asanu mwa iwo anabwera ndi mutu umodzi osapangana: Africa yonse ikhale ndi ndalama imodzi. Mawuwa akangotchulidwa, holo inkachita kugwedezeka ndi mluzu ndi nthungululu. Ine ndakatulo zisanuzo ndinazipatsa mamakisi apakatikati, ndipo imene anthu anaiombera m'manja koposa zonse inathera pa nambala 4.

Titatuluka, mwini wa ndakatuloyo, mtsikana wa Giredi 11 amene ndimamuphunzitsa, ananditsata mpaka pokwerera minibasi. Maso anali atafiira. "Ba Sir," anatero, "kodi inu simufuna kuti Africa igwirizane?" Kondakitala anali akumenya kale chitseko, ndiye ndinangomuuza kuti funso lake ndi lalikulu, silingayankhidwe mwendo umodzi uli m'basi. Ndinamulonjeza yankho lokwanira. Ndalilemba pano chifukwa ndakatulo za mtundu umenewu si za m'holo ija yokha. Ndimaziwerenga m'magazini ino, ndimazimva pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo ambiri mwa inu amene mukuwerenga mwina muli nayo yanu m'foni.

Ndiyambe ndi zimene ndakatulozi zili nazo, pakuti si zachabe. Zili ndi mpweya. Ana athu a pa Kopala amadziwa kuluka Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi mu mzere umodzi popanda kupunthwa, ndipo mtsikana uja amadziwa poimira kuti omvera apume, kenaka n'kuwagwetsera mawu olemera. Loto lawonso si lachibwana. Kwame Nkrumah analankhula za ndalama imodzi ndi banki yaikulu imodzi ya Africa pa msonkhano wa ku Addis Ababa mu Meyi 1963. Pangano la ku Abuja la 1991 linaika ndalama imodzi ngati sitepe yomaliza ya mgwirizano wa chuma, yoyenera kufikidwa pomafika 2028. Wolakatula za nkhaniyi akuyenda m'njira imene akuluakulu anapondamo kale.

Koma tamverani mmene ndakatulozi zimayendera. Zonse zisanu zinayamba ndi kuitana mayina: Nkrumah, Lumumba, Sankara, Gaddafi. Zonse zinatukwana msonkhano wa ku Berlin wa 1884. Zonse zinandandalika ndalama, kwacha, naira, cedi, randi, shilingi, n'kunena kuti zitayidwe. Zonse zinathera m'bandakucha wa tsiku limene munthu adzachoka ku Cape Town mpaka ku Cairo ndi pepala limodzi m'thumba. Ndinakhala ndikudikira munthu mmodzi yekha m'ndakatulo zimenezi amene wagwira ndalama m'manja, amene akugula pamela pa kantemba, amene akuwerenga chenji kawiri. Sanatulukire. Ndakatulo zisanu za ndalama, koma mopanda wogula, mopanda wogulitsa, mopanda mtengo wa chinthu chilichonse. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chinandiwawa, palibe ndakatulo imene inkadziwa kuti pa nthaka yomwe tinakhalapo tsiku lija, ndalama imodzi ya maiko angapo inayendapo kale.

Agogo anga aamuna anachoka ku Katete m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito pa mgodi wa Nkana, n'kukhala ku Wusakile. Atamwalira tinapeza m'kachitini ka fodya kobiri yoboola pakati, njovu ziwiri zitaimirira mbali iyi ndi iyo ya bowolo, ndi mawu akuti Rhodesia and Nyasaland. Kobiri imeneyi ndili nayo mpaka lero, ndipo ndimapita nayo m'kalasi ndikamaphunzitsa za Chitaganya. Kuyambira 1953 mpaka pa 31 Disembala 1963, maiko amene lero ndi Zambia, Malawi ndi Zimbabwe anali pansi pa boma limodzi. Makobiri a Chitaganya anayamba kuyenda mu 1955, ndipo mu 1956 anakhazikitsa Bank of Rhodesia and Nyasaland imene inkatulutsa mapaundi apepala okhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth. Agogo ankasimba kuti sheleni imene analandira ku Nkana inkagula mchere ku Fort Jameson, nsalu ku Lilongwe, njinga ku Bulawayo, popanda wokufunsa kuti sintha. Loto la alakatuli anga, agogo analigwira ndi dzanja.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu a m'badwo wawo anadana nacho Chitaganya mpaka ena kumangidwa, ena kufa? Chifukwa sheleni inali imodzi koma zitseko zinali ziwiri. Sheleni yomwe ija, m'manja mwa mzungu inkalowa m'sitolo, m'manja mwa agogo inkaima panja pa kawindo ka kumbali. Banki inali ku Salisbury. Nyumba ya malamulo ya Chitaganya inali ku Salisbury. Gawo lalikulu la msonkho wa mkuwa wokumbidwa ku Nkana, Nchanga, Mufulira ndi Luanshya linkapita ku thumba la boma la Chitaganya, ndipo anthu a kuno anautcha mzinda uja Bambazonke, wotenga zonse. Kuno ankafuna damu la magetsi pa Kafue, koma mu 1955 anasankha Kariba, n'kumanga nyumba yoyamba ya magetsi kutsidya la kumwera, Atonga pafupifupi 57,000 atasamutsidwa m'chigwa chawo. Yunivesite anaimanga ku Salisbury. Dziko limene mkuwa wake unkadyetsa Chitaganya linafika pa ufulu mu 1964 lili ndi anthu a digiri ongokwana ngati 100, ndipo yunivesite yake linaitsegula mu 1966.

Sindikunena kuti paundi ndiyo inaba zinthu zimenezi. Anaba ndi anthu, kudzera m'malamulo a msonkho ndi m'mavoti amene agogo analibe. Koma ndalama imodzi inali msewu wosalala umene chuma chinkatsetserekera kumwera popanda chipata. N'chifukwa chake Chitaganya chitangotha, dziko lililonse linathamangira kukhala ndi banki yakeyake. Bank of Zambia inabadwa mu 1964. Pa 16 Januwale 1968 paundi inachoka, panabwera kwacha ndi ngwee, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Mayina amenewa sanawatole m'buku. Anali mfuu ya pa misonkhano ya ufulu: wina akati kwacha, khamu n'kuyankha ngwee. Malawi anatsatira mu 1971 ndi kwacha yake ndi tambala. Wolakatula amene akuti kwacha itayidwe ali ndi ufulu wonena zimenezo, koma adziwe kuti akutaya mawu amene anthu anawafuula apolisi atawazinga. Ndakatulo imene ikudziwa zimenezi n'kunenabe kuti itayidwe ingakhale yamphamvu kuposa imene sikudziwa n'komwe.

Ndikudziwa chimene mtsikana uja angandiyankhe, chifukwa ndi wochenjera: "Ba Sir, izo zinali za atsamunda. Ife tikunena za Aafrica okhaokha." Chabwino. Kenya, Uganda ndi Tanzania anali ndi shilingi imodzi ya East Africa. Atalandira ufulu, atsogoleri ake ali Kenyatta, Obote ndi Nyerere, anthu amene palibe angawanene kuti sankakonda Africa, mu 1966 dziko lililonse linayamba kutulutsa shilingi yake, ndipo mu 1977 mgwirizano wonse unagwa. Chimodzi mwa zimene zinkadandaulitsa Tanzania ndi Uganda chinali chakuti mafakitale ndi phindu zinkaunjikana ku Nairobi. Dandaulo la agogo anga lomwe lija, popanda mzungu pakati. Mu 2013 maiko a East Africa anasainanso pangano la ndalama imodzi yoyenera kuyamba mu 2024, ndipo tsopano aikankhira ku 2031. Kuno kwathu SADC inalonjeza ndalama imodzi pomafika 2018. Chakacho chinafika n'kudutsa. West Africa yakhala ikusuntha tsiku la ndalama yake ya eco kwa zaka zoposa 20. Atsogoleriwa si onse amantha kapena ogulidwa. Pali chinachake chimene chimawagwira mwendo akafika pa khomo, ndipo wolemba ayenera kuchifufuza.

Chinthucho amayi athu amachidziwa bwino kuposa ife a madigiri. Mayi aliyense wa chilimba kapena wa banki ya m'mudzi, asanaponye kwacha yake yoyamba, amafunsa mafunso atatu. Bokosi lisungidwa kwa ndani? Makiyi ali ndi ndani? Wina akadwala kapena katundu wake akalandidwa, n'kulephera kuponya, tichita naye bwanji? M'magulu ambiri bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Sikuti amadana. Amapemphera pamodzi, amalirana maliro. Koma amadziwa kuti ubale wopanda malamulo a bokosi umathera kupolisi. Ndalama imodzi ya maiko ambiri ndi chilimba cha maiko. Payenera kukhala banki yaikulu imodzi imene idzanene kuti ndalama zisindikizidwe zingati ndi kuti chiwongola dzanja chikhale pati. Bankiyo idzakhala mu mzinda wina, ndipo mawu a dziko lina adzalemera kuposa a ena. Ku Lesotho, Eswatini ndi Namibia ndalama zawo zimalingana ndi randi, imodzi kwa imodzi, ndipo randi imagula m'masitolo mwawo. Zimawathandiza pa malonda, koma South African Reserve Bank ku Pretoria ikakweza chiwongola dzanja, iwo alibe mpata waukulu wokana.

Funso lachitatu la amayi aja ndilo lotikhudza kwambiri ife a pa Kopala. Pa madola khumi alionse amene Zambia imapeza pogulitsa katundu kunja, pafupifupi asanu ndi awiri amachokera ku mkuwa. Malawi amadalira fodya, Botswana dayamondi, Angola mafuta. Mitengo ya zinthu zimenezi sigwa tsiku limodzi. Mu 2015 mtengo wa mkuwa unagwa, magetsi anasowa, migodi inachotsa anthu zikwi zingapo, ndipo kwacha inataya pafupifupi theka la mphamvu zake. Tonse tikukumbukira mtengo wa unga ndi wa mafuta ophikira chaka chimenecho. Zinawawa. Koma kugwa kwa kwacha kunatanthauzanso kuti dola iliyonse ya mkuwa inkabala makwacha ambiri olipirira antchito otsala ndi msonkho wa boma, ndipo ululu unagawanika pa dziko lonse. Tikanakhala ndi ndalama imodzi ndi maiko amene chaka chimenecho zinthu zinkawayendera, ndalamayo sikanagwa chifukwa cha ife. Ululu ukanalowera khomo lina: ntchito zambiri kutha, malipiro kudulidwa, pokhapokha anzathu a m'chilimba akanavomera kutitumizira thandizo kuchokera m'misonkho yawo. Kodi wokhometsa msonkho wa ku Johannesburg kapena ku Gaborone angavomere kulipirira mphunzitsi wa ku Garneton mkuwa ukagwa? Mwina angavomere. Koma limeneli ndilo funso, ndipo palibe ndakatulo imene inalifunsa.

Ku Europe anayesa kulumpha funsoli. Yuro inayamba mu 1999, mapepala ndi makobiri ake n'kutuluka mu 2002. Greece itamira m'ngongole kuyambira 2010, inalibe ndalama yakeyake yoti igwe. Pomafika 2013 munthu mmodzi mwa anayi ofuna ntchito analibe ntchito, ndipo pakati pa achinyamata anali oposa theka. Pakati pa chaka cha 2015 mabanki anatsekedwa, munthu n'kumaloledwa kutapa mayuro 60 okha pa tsiku. Kuno ku Africa maiko 14 amagwiritsa ntchito franc ya CFA. Mitengo ya zinthu kumeneko siuluka ngati kwathu, ndipo chimenecho n'chabwino chenicheni. Koma mu Januwale 1994 anthu a ku Dakar, Abidjan ndi Douala anadzuka n'kupeza ndalama yawo yadulidwa pakati usiku umodzi: franc imodzi ya ku France imene inkagulidwa ndi 50 inayamba kugulidwa ndi 100. Walira mvula walira matope. Wolakatula alire mvulayo ndithu, koma ationetsenso matope.

Ngakhale dzina limodzi silitanthauza thumba limodzi. Pa Mwami, malire a Chipata ndi Mchinji, mbali zonse ziwiri anthu amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, Kulamba amapita ku Mkaika kwa Gawa Undi mmodzi, ndipo ndalama zawo zonse ndi kwacha. Komabe kwacha imodzi ya Zambia imagula makwacha a Malawi oposa 50. Zambia inadula maziro atatu pa ndalama yake pa 1 Januwale 2013, n'kulephera kubweza ngongole zake zakunja mu Novembala 2020. Malawi anatsitsa mphamvu ya kwacha yake ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense ali ndi nthenda yake ndi nthawi yake yodwalira. Ndakatulo yabwino ya mgwirizano ingayambire pamenepa, pa abale awiri a dzina limodzi amene sangathe kubwerekana popanda munthu wachitatu woima pakati ndi mpukutu wa ndalama m'manja.

Tsopano ndibwerere kwa mtsikana uja, chifukwa Lolemba lake anabwera ku ofesi ya aphunzitsi, mkwiyo utachepa pang'ono. Ndinamufunsa chimene chinamulembetsa ndakatuloyo. Ndinkayembekeza kumva za vidiyo ya pa TikTok. Iye anandiuza za amayi ake. Kawiri pa mwezi amakwera galimoto usiku, kudzera ku Chingola ndi Chililabombwe, kupita ndi mazira ndi kabichi ku Kasumbalesa. Katunduyo amagula ndi kwacha. Ogula a ku Congo amalipira ndi madola kapena ndi franc ya kwawo. Dola ikang'ambika pang'ono pakona, wina amaikana, wina amaitenga pa mtengo wotsika. Posintha kuti abwere ndi kwacha, osintha ndalama amadyapo. Tsiku lina anabwera kunyumba atagulitsa katundu yense, koma atawerenga, ndalama ya mayeso a mwana wawo inali itasungunuka pakati pa ndalama zitatuzo. Anakhala pakhonde osalankhula mpaka mdima.

Ndinamufunsa kuti, "Nanga amayi ako ali kuti m'ndakatulo yako?" Anati ankaona ngati nkhani ya mazira ndi yaing'ono, siyoyenera pa siteji pamene ena akutchula Nkrumah. Apa ndi pamene pagona vuto la ndakatulo zathu zambiri, ndipo mlandu wina ndi wathu aphunzitsi, amene timapereka mamakisi kwa mwana wotchula mayina akuluakulu. Akulu amene ankamvera Julius Chongo pa wailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo amakumbukira anthu a m'nkhani zake, mayendedwe awo, mabodza awo, njala yawo. Nkhani yaikulu inkalowa m'nyumba itavala zovala za munthu mmodzi. Amayi a pakhonde aja ndi umboni wamphamvu wa ndalama imodzi kuposa mayina onse anayi aja pamodzi, ndipo akanakhala m'ndakatulo, ine woweruza ndikanasowa poyambira kutsutsa.

Komanso wolemba akayang'anitsitsa amayiwo, ayamba kufunsa mafunso abwino. Chimene chikuwadyera phindu n'chiyani kwenikweni: kuchuluka kwa ndalama, kapena kusowa kwa njira yotsika mtengo yosinthira, kapena mapepala a pa malire? Zina mwa zimenezi zili ndi mankhwala amene safuna kudikira 2028. COMESA, imene likulu lake lili ku Lusaka, ili ndi dongosolo lopeputsa mapepala a amalonda ang'onoang'ono pa malire ena, monga pa Mwami. Mu Januwale 2022 ku Accra anakhazikitsa PAPSS, njira yoti wogula alipire ndi ndalama ya kwawo, wogulitsa n'kulandira ya kwawo, osadzera ku dola. Kodi zimenezi zafika pa thebulo la mayi wa mazira? Ngati sizinafike, zaima pati? Amenewa ndi mafunso oti mlakatuli akalipe nawo, ndipo ali ndi adiresi: nduna, banki, ofesi ya pa malire. Mkwiyo wolunjika ku Berlin wa 1884 suvutitsa munthu aliyense wamoyo.

Choncho yankho langa kwa iwe mwana wanga, ndi kwa inu nonse olemba, ndi ili. Ndimafuna Africa igwirizane. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni lopanda nyanja silingapite patali lokha. Mwina tsiku lina ndalama imodzi idzabwera, ndipo mwina idzakhala yabwino, ngati makiyi adzagawidwa bwino ndi malamulo a wodwala adzalembedwa bokosi lisanatsegulidwe. Chimene ndikukana ndi ndakatulo imene imandipempha kuomba m'manja ndisanaone bokosilo. Lembani za ndalama imodzi, koma muikemo munthu woigwira. Muikemo mtengo wa thireyi ya mazira. Muikemo agogo anu, amene anaiona ndalama yoteroyo ndi maso, ndipo ngati akali moyo, kawafunseni sabata ino za tiki ndi susu asanapite nazo kumanda.

Kobiri ya njovu ija ndinamubwereka mtsikanayo kuti akaonetse amayi ake. Lachisanu anaibweza pamodzi ndi pepala lochokera m'kope la masamu. Ndakatulo yatsopanoyo sinathe, ndipo ndime yachitatu ikadali ndi Gaddafi amene sakudziwa chimene akuchitamo. Koma ndime yoyamba ikuyamba ndi mayi amene akumanga mfundo zitatu pa chitenje chake, ya kwacha, ya dola ndi ya franc, ndipo akuopa kugona m'galimoto chifukwa sakumbukira kuti ya mayeso ili pa mfundo iti. Ndinamuuza kuti achotse ndime yachitatu, apitirize ndi mayiyo mpaka afike kunyumba. Akamaliza ndidzamupempha kuti aitumize kuno, muiweruze nokha.